Inki Yofiira pa Wilu ya Bambo Ako

Kunyanja, Salima
Lachinayi masana

Mwana wanga Ireni,

Ndikulemba kalatayi iwe utapita ku Maganga kukatsanzika kwa amalume ako. Esnati ali pakhonde, akumaliza kupinda diresi lako la paulendo. Makina ake ndikuwamva kuchokera pano patebulo, ngakhale mwini wake sanawamvepo chibadwire. Basi yako ndi ya mawa mmawa. Kalatayi ndiibisa pansi pa majuzi awiri aja m'sutikesi kuti ukaiwerenge utafika ku Mangalande, chifukwa ndikati ndikuuze pamaso undidula pakamwa monga umachitira, n'kumati, "Amayi, musamakambe za imfa." Pepala silidulidwa pakamwa.

Ukupita zaka zitatu. Ndawerenga: ndi masiku chikwi chimodzi ndi makumi asanu ndi anayi kudza asanu, kuwonjezapo limodzi la Febuluwale wamtali. Ine zaka zanga ndi makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu. Iwe ndiwe namwino. Unandimvetsera mtima sabata yatha, ndipo ndinaona mmene unapindira chipangizo chako osandiyang'ana kumaso. Tisanamizane. Mwina udzandipeza, mwina ayi.

Ndalemba wilu, ndipo ndasankha iwe kuti udzayendetse chuma changa chamasiye. Chumacho n'chochepa, ndipo chimene chikundikhudza m'menemo n'chimodzi chokha: nyumba ino ikhale ya mkulu wako Esnati, iye ndi makina ake, mpaka tsiku lake lomaliza. Pano anthu amadziwa manja ake. Amayi ogulitsa usipa amatha kumuuza kuti siketi ikufinya m'chiuno, iye n'kuwayankha kuti achepetse zitumbuwa, onse n'kuseka. Chiyankhulo chimenechi chamangidwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo sichinyamulika pa njinga. Ukamuchotsa pano, wamuchotsa pakati pa anthu.

Ntchito yomwe ndikukupatsayi inenso ndinaigwirapo, bambo ako atamwalira, chaka chija ndalama zinasintha kukhala makwacha. Iwe unali Folomu 3 ku sukulu yogonera, ndipo ndinakubisira zambiri kuti usalephere mayeso. Ndinalakwitsa kanayi. Ndikuuza zonse zinayi, kuti iwe udzalakwitse zako zatsopano, osati zangazi.

Kulakwa koyamba: ndinkayesa kuti wilu ndi kiyi. Bambo ako anali kalaliki wa ku siteshoni ya njanji, munthu wokonda mapepala, ndipo wilu yawo anailemba mwaudongo ndi inki yakuda. Ng'ombe za ku Chitala anapereka kwa mlongo wawo, azakhali ako a Nabanda. Nyumba ino ndi zotsala zonse anasiyira ine ndi ana. Woyendetsa zonsezi anatchula ine. Patatha masiku asanu ndi anayi chiikireni maliro, ndinavala nsapato zanga za kutchalitchi, n'kupita ku ofesi ya boma kuti pepala la malo ano alisinthe dzina. Ndinaika wilu patebulo ngati munthu woika khadi lopambana pa njuga. Kalaliki wa pamenepo, bambo wa imvi zake, anaiwerenga yonse, n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Mayi, pepalali likutiuza zimene malemu ankafuna. Koma watiuza ndani kuti ndi lenileni? Nanga ngati analembanso lina pambuyo pake?"

"Ndikukuuzani ine, mkazi wawo," ndinatero.

"Eya, inuyo amene mukulandira nyumba," anatero, osakweza mawu.

Ndinapsa mtima, koma bamboyo sananame. Anandifotokozera kuti wilu imatchula munthu, koma khoti lalikulu ku Blantyre ndi limene limatsimikiza kuti wiluyo ndi yoona, ndipo limapereka pepala la chidindo limene maloya amati pulobeti. Popanda pepala limenelo, a zamalo, a ku positi ofesi, a kubanki, onse amakuona ngati munthu wodutsa mumsewu. Ndikufanizire ndi za kusukulu, poti ndizo ndimadziwa. Wilu ili ngati mphunzitsi wanena m'kalasi kuti wakhoza. Pulobeti ndi satifiketi. Sungakafunsire ntchito ndi mawu a mphunzitsi. Kumbukira zimenezi, Ireni: dzina lako lili m'wilu yanga, koma mphamvu zako zili kukhoti, ndipo uyenera kukazitenga.

Kulakwa kwachiwiri ndi kumene kumandichititsa manyazi mpaka lero. Kalaliki uja anati khoti lidzafuna mndandanda wa zonse zimene malemu anasiya. Ntchito yotere umandidziwa, ndinailandira ngati mphatso. Ndinapalasa njinga ya bambo ako mpaka ku Chitala, kukhola limene ankasunga msuweni wako Fanuelo, mwana wa a Nabanda. Ndinawerenga ng'ombe katatu, kawiri zili m'khola, kamodzi zikutuluka. Zinali zisanu ndi zinayi. Nditabwerera kunyumba ndinatsegula wilu, ndipo ndinapeza bambo ako analemba zisanu ndi imodzi. Sanalakwitse iwo ayi. Wilu analemba kale, ndipo ng'ombe zinabereka. Koma ine ndaphunzitsa samu zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo sindinalolepo nambala yolakwika kudutsa pamaso panga ili yamoyo. Cholembera changa chofiira chinali pomwepo patebulo. Ndinakhwatcha nambala yawoyo ndi mzere umodzi wowongoka, pamwamba pake n'kulembapo yolondola. Sindinaganize n'komwe. Dzanja linachita lokha.

Tsiku lometa, abale onse atasonkhana pansi pa mango aja kuseri, ndinatulutsa wilu kuti iwerengedwe. Fanuelo, poti anafika Sitandade 8, ndiye anapatsidwa kuti awerenge. Anafika pa ng'ombe, n'kuima. Anatembenuzira pepala kudzuwa.

"Malume analemba ndi inki yakuda," anatero. "Nanga yofiirayi anadzalemba atauka?"

Anthu ena anaseka, kuiwala kuti ndi pamaliro. Ine ndinati, "Ndalemba ndine. Ndakuwonjezerani ng'ombe zitatu, sindinakuchotsereni kanthu."

A Nabanda anamanga chitenje chawo bwinobwino asanayankhe. "Alamu, dzanja limene lawonjezera apa, tidziwa bwanji kuti silinachotse pena? Kapena pepala lonseli mwalemba nokha? Paja ndinu ophunzira."

Ndikanakhala iwo, inenso ndikanafunsa chimodzimodzi. Sabata yotsatira anapita kukadandaula kuti wilu ndi yachinyengo, ndipo kuti nyumba ya mlongo wawo igawidwe pakati pa abale. Kudandaula kotere kukalowa, khoti limaima kaye, silipereka pulobeti mpaka nkhani itamveka. Ndinakwera sitima kupita ku Limbe kukaonana ndi loya. Anali wa msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa. Anayang'ana mzere wanga wofiira nthawi yaitali, kenako anavula magalasi.

"Mayi mphunzitsi, mwachonga wilu?"

"Nambala inali yolakwika."

"Nanga malemuwa munawapatsa malikisi angati?"

Sindinaseke tsiku limenelo. Tsopano ndimaseka. Anandiuza kuti mwini wilu akasaina pamaso pa mboni ziwiri, pepalalo latsekedwa. Ngakhale mwini wakeyo akafuna kusintha kanthu, ayenera kusainanso pamaso pa mboni. Wina aliyense akalembapo, ngakhale kadontho, khoti liyenera kufunsa kuti analemba ndani, liti, ndipo chifukwa chiyani. Ngakhale kaboo ka phini amafunsa, chifukwa amati mwina panali pepala lina lolumikizidwa limene lachotsedwa. Ndinalumbira pamaso pa woweruza kuti inki yofiira ndi yanga, ine Naphiri, amene ndinkalanga ana chifukwa cholemba m'mabuku a sukulu. Choncho, mwana wanga, wilu yanga usadzalembepo kanthu. Usadzaibaye phini, usadzamatepo kanthu, usadzaisite ngakhale itakwinyika.

Kulakwa kwachitatu tinachitira limodzi ndi bambo ako, ngakhale iwo sanakhalepo kuti alawe zotsatira zake. Khoti linafuna kuti mboni imodzi mwa ziwiri zija ilumbire kuti inaona bambo ako akusaina, ndiponso kuti pepala linali bwanji tsiku limenelo. Mboni tinazisankha mwa ulemu, osati mwa nzeru. Mmodzi anali mnzawo wa ku siteshoni, amene panthawiyi n'kuti atalemba Theba, ali ku migodi ya ku Joni. Wina anali a Gondwe, mphunzitsi mnzanga wochokera kumpoto, amene boma linali litawasamutsa kawiri. Ndinalemba makalata khumi ndi atatu. Asanu anabwerera osatsegulidwa. A Gondwe ndinawapeza pa kalata ya khumi ndi chiwiri, ali kumudzi kwawo kuseri kwa Rumphi, atapuma ntchito chifukwa cha maso. Mwamwayi, mutu wawo unali bwino. Analumbira kuti wilu yonse inali ya dzanja la bambo ako, ndipo kuti panalibe chofiira chilichonse. Akanakhala atamwalira, sindikudziwa kumene iwe ukanamapita pa holide.

Nchifukwa chake ulendo uno mboni ndasankha ndi mutu. Ndinalemba mayina khumi ndi awiri, n'kukhwatcha aliyense wa ntchito ya boma, aliyense wondiposa zaka, ndi aliyense amene akulandira kanthu m'wilu, poti wolandira sayenera kukhala mboni. Anatsala awiri. Woyamba ndi a Kamanga a chigayo, chifukwa chigayo sichisamutsidwa ndi kalata ya ku likulu. Wachiwiri ndi Che Amidu a makoka. Nditawapempha anati, "Mayi, ine ndi nyanja iyi mpaka kufa, Inshallah. Mukandisowa kudoko mudzandipeza ku msikiti." Onse awiri anandiona ndikusaina, ndipo anasaina ine ndikuwaona, tonse m'chipinda chimodzi.

Kulakwa kwachinayi sikunali kwa malamulo, ndipo palibe loya amene akanandichenjeza. Nkhani yonse ija inatenga miyezi khumi ndi inayi ndi maulendo asanu a sitima. M'miyezi imeneyo ndinawerenga chilichonse m'nyumba muno. Mipando isanu ndi iwiri, mbale makumi anayi ndi zitatu, malata a padenga makumi atatu ndi asanu ndi limodzi, makasu anayi, limodzi lopanda mpini. Esnati ankanditsata chipinda ndi chipinda, akundiona ndikuloza chinthu n'kulemba, kuloza china n'kulemba. Tsiku lina Fanuelo anabwera ndi amuna awiri, n'kumayenda m'malire a malo ano akuwerenga mapazi. Esnati anawaona ali pakhonde. Ine sindinamuuze kanthu. Ndinkati za makhoti n'zovuta kufotokoza ndi manja, ndipo ndinali wotopa.

Kenako mutu wa makina ake osokera unasowa. Panatsala miyendo yokha ndi lamba. Ndinapita ku Chitala kukanena pamaso pa a Nabanda kuti mwana wawo ndi wakuba, ndipo moto umene unkazilala unayakanso. Esnati anasiya kusoka. Anaonda. Ndinkati ndi chisoni cha bambo ake.

Patapita miyezi inayi, tikukatenga mpunga woti tipunthe, dzanja langa linagunda chitsulo pansi pa nkhokwe. Unali mutu wa makina uja, utakulungidwa m'chiguduli ndi m'nsalu yake ya kutchalitchi. Pambali pake panali kamtolo: madiresi awiri, sizasi, ndi chithunzi chija cha iwe utavala yunifolomu. Ndinatembenuka. Esnati anali ataima pambuyo panga. Anagundanitsa nsonga za zala zake pamwamba pa mutu, monga amanenera nyumba. Kenako anakankha mphepo ndi dzanja, monga amanenera kuchotsa. Kenako anadziloza pachifuwa, n'kutambasula zikhatho, kufunsa kuti liti.

Miyezi inayi, Ireni. Mwana wanga ankadzuka tsiku lililonse akuyesa kuti lero ndi tsiku lothamangitsidwa, ndipo kuti ine ndikuwerenga katundu kuti ndimupereke kwa anthu. Ndinawerenga mbale zonse ndi khasu lopanda mpini lomwe. Munthu yekhayo ndiye sindinamuwerenge.

Pulobeti itafika, woyamba kumuonetsa anali iye. Linali pepala limodzi lokhuthala, la chidindo chofiira pansi pake, lomangidwa pamodzi ndi kope la wilu. Ndinagwira chala chake chachikulu n'kuchikanikiza pa chidindocho, kenako ndinapanga denga, n'kumuloza pachifuwa. Kuyambira tsiku limenelo, chala chachikulu chokanikiza pachikhatho ndi mawu athu otanthauza pepala la khoti. Uwadziwe, udzawafuna. Khoti linagamula kuti inki yanga ilibe mphamvu, nambala ya bambo ako ndiyo iima, ndipo ng'ombe zitatu zapamwambazo zinagwera kwa ine monga zotsala. Pepala la malo litasinthidwa dzina, ndinapita ku Chitala, n'kupereka zonse zisanu ndi zinayi kwa a Nabanda, ndipo ndinapepesa Fanuelo pamaso pa amake. Zimene ndinkafuna kuchita ndi cholembera tsiku limodzi ndinadzazichita mwalamulo patatha miyezi khumi ndi inayi. A Nabanda anati, "Alamu, mukanangodikira."

Tsopano za iwe. Uthenga ukadzakupeza, usadzathamangire maliro ngati mayeso ali pafupi. Adzandiika bwino popanda iwe. Koma ukadzangopeza mpata ubwere, ndipo ngati sikudzatheka msanga, m'wilu ndatchulamo woyendetsa wachiwiri, a Mwale, ahedi a pasukulu pathupa, amene ndinawaphunzitsa Sitandade 3. Angathe kuyamba iwo, iwe n'kudzawapeza m'njira. Wilu yeniyeni ili kwa loya uja ku Limbe, tsopano nayenso wamera imvi. Adiresi yake ndalemba kuseri kwa tsamba lino. M'chitini cha mabisiketi chimene chili pansi pa bedi langa muli kope chabe. Khoti limafuna yeniyeni. Mudzatenge chikalata cha imfa yanga kuchipatala kapena ku ofesi ya boma, osachoka popanda icho, ngakhale akuuzeni kuti bwerani mawa kasanu. Mndandanda wa katundu ndalemba kale, uli m'chitini momwemo pa pepala lakelake, ndipo umenewo ungathe kuukonza mmene ungafunire. Udzalumbira kuti udzayendetsa zonse mokhulupirika, udzalipira zimene khoti limalipiritsa, kenako udzadikira. Poyenda m'maofesi usadzaiwale khadi la chipani m'chikwama, ndipo masiketi aafupi a ku Mangalande udzawasiye komweko. Ndiponso m'makalata ako uzilemba za kuzizira ndi za maphunziro basi. Envelopu imadutsa m'manja ambiri.

Nthawi yodikirayo ndiyo yoopsa, ndipo amene adzabwere ndi amalume ako a Yobu. Usawadane nawo. Ndi mlongo wanga, mwini mbumba, ndipo mwa mwambo wathu Esnati ndi wawo. Anandiuza kale kawiri, kamodzi pa Khirisimasi, kamodzi pa ukwati wa mwana wawo, kuti, "Inu mukadzapita, wosamvayu sangakhale yekha kunyanja. Tidzamutenga kumudzi, nyumbayo ana adzaikemo golosale." Amanena ndi mtima wabwino. Koma ku Maganga palibe amene amadziwa manja ake, ndipo pakadzatha chaka adzakhala wotunga madzi wa pakhomo pa eni ake.

Akadzabwera, udzawayalire mphasa, udzagwade, udzawamvere mpaka amalize. Usadzanene kuti wakana. Udzati, "Malume, ndamva. Koma khoti silinandipatse mphamvu. Ngakhale supuni sindingaisunthe." Zimenezi n'zoona, ndipo zimene zinandikwiyitsa ine pa ofesi ya boma zija zidzakhala chishango chako. Wopanda pulobeti sangagawe kanthu, choncho sangakakamizidwenso kugawa. Pepala likadzafika udzati, "Malume, khoti landilumbiritsa kuchita zimene zalembedwa, ndipo zalembedwa kuti nyumba ndi ya Esnati." Pepala lisanafike ulibe mphamvu yopereka nyumba, litafika ulibe ufulu woipereka. Njinga ya bambo ako ndi wailesi ndalembera iwo, kuti asadzabwerere chimanjamanja. Koma nazonso adzadikire chidindo. Ukadzapereka chimodzi nthawi isanakwane, udzafunsidwa chachiwiri.

Ndipo usanapite kwa loya, usanapite ku ofesi iliyonse, usanawerenge ngakhale mbale imodzi, udzakhale pansi ndi mkulu wako. Udzamuuze zonse, ndipo uzidzamuuza tsiku lililonse limene wabwera kuchokera kukhoti, ngakhale yankho likhale loti sizinatheke. Ine ndamuuza kale dzulo, tili kuchapa kunyanja. Ndinadziloza, n'kutseka maso. Ndinakuloza iwe kumene unali kuyanika, n'kukanikiza chala pachikhatho. Kenako denga, kenako iye. Esnati anandimenya paphewa ndi nsalu yonyowa chifukwa cha kutseka maso kuja, koma zinazo anagwedeza mutu. Wamva.

Ndatsala ndi chinthu chimodzi, ndipo ndikuulula kuti usadzadzidzimuke. M'wilu yanga muli nambala yolakwika. Loya anandilangiza kuti ndingolemba kuti nyumba ndi zonse za pamalopo, koma ine ndinaumirira, ndinalembetsa kuti pamodzi ndi mitengo ya mango khumi ndi umodzi. Mphepo ya mwera ya mwezi watha inagwetsa uja wa kukhitchini. Yatsala khumi. Ndinamulembera loya, ndipo anandiyankha kuti palibe chovuta, khoti silidzabwera kudzawerenga mango. Koma kope lija lili pansi pa bedi langa, ndipo ndalitsegula kale kasanu ndi kawiri, ndikuyang'ana nambalayo, dzanja likuyabwa.

Nchifukwa chake envelopu ino ikulemera. Cholembera chofiira chija ndachiika momwemo. Pita nacho kutsidya la nyanja, kutali ndi ine. Ndipo iwenso ndiwe mwana wanga, ndimakudziwa, uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri unkawerenga masitepe a tchalitchi. Tsiku lina udzatsegula wilu yanga, udzaona khumi ndi umodzi, udzasuzumira pawindo n'kuwerenga khumi. Udzalowetse manja m'thumba. Amayi ako alakwe kamodzi kokha, ndipo pasadzakhale wowachonga.

Makina asiya kulira pakhonde, ndiye kuti diresi latha. Ndikaone ngati mipendero ili yofanana.

Uyende bwino, Nabanda wanga wamng'ono. Mulungu amene amadziwa chiwerengero cha tsitsi la m'mutu mwako akusunge, poti nambala imeneyo ine ndinailephera.

Ndine amayi ako,
Naphiri